Mlimi alowe pati? Kuyerekeza njira zofufuzira limodzi ndi alimi m'madera ouma

Kwa zaka zambiri, chimanga chamakono chomwe chinkatuluka m'malo a kafukufuku ku Malawi chinali cha njere zofewa. Pa sikelo chinkapambana, ndipo malipoti ankachitama. Koma mayi akachithira mumtondo kuti akonole, njere zinkaphwanyikira m'gaga, mphale n'kutuluka yochepa. Akachiika m'nkhokwe, anankafumbwe ankachilowa msanga. Choncho mabanja ambiri ankalima chamakono choti agulitse, chakudya n'kumadalira chamakolo. Zinthu zinayamba kusintha mu 1990, pomwe ku malo a kafukufuku a ku Chitedze kunatuluka MH17 ndi MH18, chimanga chamakono cha njere zolimbirako chomwe chimakonoleka bwino. Nzeru zopangira chimanga chotere zinalipo kale. Chomwe chinachedwa n'kufunsa munthu wogwira munsi.

Ndayamba ndi chimanga poti aliyense akuchidziwa, koma ndikulankhula ndi inu ofufuza za mbewu, nthaka, mitengo ndi ziweto m'madera a mvula yochepa, kaya ndinu wophunzira wa ku Bunda amene mukukonza kafukufuku wa digiri yachiwiri, kaya muli ku Kasinthula, kaya mumagwira ntchito ku Balaka, ku Tete kapena kumwera kwa Zambia. Madera ouma amatenga gawo loposa 40 pa 100 la mtunda wonse wa dziko lapansi, ndipo mumakhala anthu oposa 2 biliyoni. Kumeneko kusafunsa mlimi kumapweteka kuposa kwina kulikonse. Kumene mvula imagwa yokwanira ndipo feteleza alipo, munda wa pa siteshoni ya kafukufuku ndi munda wa mlimi imafananako. Kumene imagwa modumphadumpha, mudzi uno kwanyowa, tsidya lija fumbi lili koboo, zotsatira za siteshoni imodzi zimangofotokoza za siteshoniyo basi. Komanso banja lomwe likudziwa kuti ng'amba ya Januwale ikhoza kufika chaka chilichonse limasankha mbewu poganizira chaka choipa, pomwe ife timakonda kuonetsa zokolola za chaka chabwino.

Masiku ano wofufuza sanganene kuti akusowa poyambira. Mabuku olangiza, mavidiyo ndi mapulogalamu a pa foni zili pa intaneti, zambiri mwa izo zaulere. Chovuta n'chakuti njira zachuluka, ndipo iliyonse eni ake amaiyamikira. Ine ndikaziika pamphasa imodzi ndimazifunsa funso lomweli: mlimi ikumulola kusankha chiyani, ndipo nthawi yanji? Zina amangobwereketsa munda. Zina amaweruza mbewu zomwe inu mwasankha kale. Zilipo zochepa zomwe funso lenileni la kafukufuku limachokera kwa iye.

Munda wa mayi ndi ana ake

Njira iyi inabadwira ku Malawi konkuno. M'zaka za m'ma 1990, mayi Sieglinde Snapp, katswiri wa za nthaka ndi mbewu, pamodzi ndi ofufuza ndi alangizi a kuno, ankafuna kudziwa mbewu za mtundu wa nyemba zomwe zingabwezeretse chonde m'minda ya chimanga. Anakonza zoti m'dera lililonse mukhale munda umodzi waukulu wokhala ndi njira zonse zoyesedwa, zobwerezedwa kangapo monga sayansi imafunira, woyang'aniridwa ndi ofufuza. Ameneyo ndiye mayi. Mozungulira, alimi ambiri ankatenga aliyense njira zitatu kapena zinayi zokha n'kukaziyesa m'munda mwake, ndi khasu lake, pa nthawi yake. Amenewo ndiwo ana. Dzinali linachokera kwa mmodzi mwa alimi omwe ankachita nawo.

Zinaoneka msanga kuti pepala la wofufuza ndi mtima wa mlimi siziyenda limodzi nthawi zonse. Mbewu zongokwirira monga kalongonda zinkathandizadi chimanga cha chaka chotsatira, koma alimi ambiri ankakonda nandolo ndi mtedza, zomwe zimawonjezera chonde kwinaku zikupereka ndiwo ndi kangachepe ka pamsika. Amene anaphikapo kalongonda akudziwa chifukwa chake: umawiritsa, umataya madzi, umawiritsanso, nkhuni zikupita. Ulimi wodzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chinacho n'kuikamo chimanga, unakulira m'ntchito ngati imeneyi. Pambuyo pake bungwe la CIMMYT, lofufuza za chimanga ndi tirigu, linaitenga njirayi poyesa chimanga chopirira chilala m'maiko a kumwera kwa Africa. Mwa chimanga chotere muli ZM309 ndi ZM523, chomwe chinakhazikitsidwa ku Balaka mu 2009 n'kupatsidwa maina oti Msungabanja ndi Mwayi.

Ubwino wake waukulu ndi woti imadyetsa mbali zonse ziwiri. Wofufuza amapeza manambala oti angasindikize popanda kutsutsidwa, chifukwa munda wa mayi unayalidwa mwa dongosolo. Alimi amapeza bwalo: amakumana pa munda wa mayi, amaloza ndi chala, amatsutsana, wina n'kunena kuti kwake kumchenga sizinatero. Mawu oterewa ndi amtengo wapatali, ndipo simungawapeze pa fomu. Njirayi imayeneranso mafunso omwe sangalowe m'paketi, monga kutalikirana kwa mizere, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kudzala m'maenje kapena kusakaniza manyowa ndi feteleza wochepa.

Kulemera kwake kuli pa mafuta a galimoto ndi pa nthawi. Munda wa mayi umafuna kuyenderedwa pafupipafupi, ndipo chifukwa cha chimenechi nthawi zambiri umagwera m'mphepete mwa msewu, pa nthaka yabwino ya amfumu kapena ya mlimi wachitsanzo, pamene sipafanana ndi minda ya osauka. Ng'amba ikaomba mudzi umenewo, mayi wafa, chaka chapita. Nandolo ali ndi vuto lakenso: amacha mochedwa, ndipo ngati simunagwirizane ndi mudzi za nthawi yomasulira mbuzi ndi ng'ombe, mukayeza zitsa. Cholakwa chomwe ndimachiona kwambiri n'chakuti wofufuza amasamala mayi, ana n'kuwaiwala. Lipoti likamatuluka muli manambala a munda waukulu okha, alimi aja angotchulidwa m'mawu othokoza. Zikatero mwangochita kafukufuku wa pa siteshoni m'munda wobwereka. Zolemba zofotokoza kayalidwe kake ndi kasanthulidwe ka mayankho a ana zikupezeka pa tsamba la CIMMYT ndi m'nkhokwe ya zolemba ya CGSpace, ndipo ndingalangize kuti muwerenge kaye gawo la ana musanayale mayi.

Timapaketi titatu

Njira ya tricot ndi yatsopanoko, ndipo inakonzedwa dala kuti iyende ndi foni ndi intaneti. Anaiyambitsa a Jacob van Etten ndi anzawo ku Bioversity International, bungwe lomwe linadzaphatikizana ndi bungwe lina lofufuza za ulimi la CIAT. Tinene kuti muli ndi mitundu 12 ya khobwe. Simupatsa mlimi yonse. Kompyuta imasakaniza n'kugawira mlimi aliyense timapaketi titatu tolembedwa A, B ndi C, popanda dzina la mtundu, kuti asakondere. Iye amadzala monga amachitira zaka zonse. Pomera, pochita maluwa, pokolola ndi pophika amafunsidwa mafunso awiri pa chinthu chilichonse: mwa zitatuzi chapambana ndi chiti, nanga chatsalira ndi chiti? Amayerekezanso ndi mbewu yake yakale. Poti mitundu ija imalowanalowana pakati pa alimi mazanamazana, masamu amatha kulumikiza mayankho onse n'kutulutsa mndandanda wa mitundu yonse 12.

Ntchito yonse imayendera pa tsamba la ClimMob. Mumalembetsa, mumaika mitundu yanu ndi mafunso anu, ilo limakupatsani kagawidwe ka mapaketi. Mayankho amatoleredwa ndi pulogalamu ya ODK, yomwe imagwira ntchito ngakhale kopanda netiweki, n'kudzatumiza mukafika pamene yagwira. Mu 2019 gulu la a van Etten linasindikiza zotsatira za timinda toposa 12,000 ta nyemba ku Nicaragua ndi ta tirigu ku Ethiopia ndi ku India. Linaonetsa kuti mayankho a alimi, akaphatikizidwa ndi kaundula wa mvula ndi kutentha kwa malo aliwonse, amathandiza kudziwa mtundu woyenera dera ndi dera.

Mukaiika pambali pa ya mayi ndi ana, tricot imapambana pa chinthu chomwe chimativuta kwambiri kumadera ouma. Timinda take tamwazikana m'midzi yambiri, m'nthaka zosiyanasiyana, pansi pa mitambo yosiyanasiyana. Makumi awiri tikapsa ndi dzuwa, kafukufuku akupitabe, ndipo kupsa komweko kwakuuzani kanthu za mitunduyo. Mlimi safunika sikelo kapena kudziwa kulemba. Koma mndandanda umangokuuzani kuti uyu waposa uyu, osati ndi matumba angati, pokhapokha mutakonza zoyeza padera. Palibenso bwalo pomwe alimi amatsutsana, aliyense ali yekha ndi timapaketi take. Chachikulu n'chakuti mitundu mwasankha ndinu, mafunso mwalemba ndinu, ndipo pulogalamu singakuuzeni funso lomwe mwaiwala.

Ichi ndinachiona ndi maso. Chaka china ndinathandiza nawo kufunsa alimi a m'mudzi wina ku Chigwa cha Shire za mapira aafupi ocha msanga. Pepala lathu linali ndi mafunso a kameredwe, kupirira dzuwa ndi zokolola, ndipo pa zonsezi mapirawo anakhoza. Titapinda mapepala, mayi wina wachikulire anatiperekeza ku galimoto n'kunena chapansipansi kuti chaka chamawa sadzawadzalanso. Mapira ake anacha okha m'mudzi monse, mpheta zonse zinatera kwa iye, ndipo adzukulu anajomba kusukulu akuingitsa mbalame. Anawonjezera kuti mapesi ake ndi aafupi, sangamangire mpanda. Pa pepala lathu panalibe mzere wa mbalame, panalibenso wa mpanda. Kuyambira pamenepo ndimaumirira kuti mafunso asanalowe m'kompyuta, mukhale kaye pansi ndi alimi, amayi paokha, abambo paokha, akuuzeni zomwe amayang'ana pa mbewuyo kuchokera pa phando mpaka m'poto.

Kusankha mbewu isanakhale ndi dzina

Ku Syria, a Salvatore Ceccarelli ndi mayi Stefania Grando, akatswiri a mbewu ya balere a ku bungwe la ICARDA, anapita patali kuposa pamenepa. ICARDA inakhazikitsidwa mu 1977 kuti ifufuze za ulimi wa madera ouma, ndipo likulu lake linali pafupi ndi Aleppo mpaka nkhondo inalisamutsa mu 2012. A Ceccarelli anaona kuti balere wosankhidwa pa siteshoni, pamene pali chinyezi ndi feteleza, akafika m'minda ya m'mphepete mwa chipululu nthawi zambiri ankagonja kwa balere wamakolo. Chifukwa chake n'chomveka: mbewu yomwe imachita bwino pa chonde ndi madzi si yomweyo imachita bwino pouma, ndiye ukasankhira pabwino wataya kale yomwe ikanapirira poipa. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 anatenga mizere ya balere yoposa 200, yambiri isanakhale mitundu ya maina, n'kukaidzala m'minda ya alimi kuti asankhe okha. Panali okayika ngati mlimi angaweruze mbewu zochuluka chotero, koma alimiwo anatha. Ankayang'ana zomwe katswiri sankaziika patsogolo, monga ubwino wa mapesi odyetsa nkhosa ndi mtundu wa njere, poti kouma kwambiri amakonda balere wa njere zakuda pomwe konyowako amakonda zoyera. Njirayi inafalikira ku Jordan, Egypt, Eritrea, Yemen ndi maiko ena.

Pa njira zonse zokhudza mbewu, iyi ndiyo imapereka mphamvu zambiri kwa mlimi, chifukwa amalowa mitundu isanasefedwe. Ndiyonso yolemetsa. Imafuna katswiri wokhala ndi mizere yambiri ya mbewu, imafuna nyengo zingapo zotsatizana, ndipo mapeto ake imakumana ndi malamulo ovomerezera mbewu, omwe amafuna mtundu wofanana wokhawokha ndi wochita bwino m'malo ambiri. Mbewu yomwe ndi chuma kwa midzi isanu ya ku Ngabu ikhoza kulephera mayeso a dziko lonse. Wophunzira wa zaka ziwiri asaiyambe yekha. Koma inu amene muli pa mapira, mchewere kapena nandolo kwa zaka zambiri, mbewu zomwe makampani akuluakulu sazilabadira kwenikweni, muiganizire mofatsa. Bungwe la ICRISAT, lofufuza za mbewu za m'madera ouma, lomwe linayamba mu 1972 ku India ndipo lili ndi malo ku Chitedze ndi ku Matopos ku Zimbabwe, limasunga mitundu yambiri ya mbewu zimenezi.

Za sukulu za alimi za m'munda sindichedwapo. Zinayamba ku Indonesia mu 1989 mothandizidwa ndi FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, pa nkhani ya tizilombo ta mpunga, ndipo alangizi athu akuzidziwa bwino: gulu la alimi pafupifupi 25 limakumana sabata iliyonse nyengo yonse, kuona munda, kujambula zomwe aona, kugwirizana chochita. FAO ili ndi tsamba la sukuluzi, lokhala ndi mabuku okhudzanso abusa a ziweto a kumadera ouma. Cholinga chake ndi kuphunzira, ndiye manambala otuluka m'menemo kawirikawiri sakwana kusindikiza. Phindu lake kwa wofufuza ndi gulu lozolowera kale kuyang'ana ndi kufunsa. Mukapeza sukulu yotere yamoyo, ndi malo abwino oikapo munda wa mayi.

Pamene funso lili pa mvula

Si onse amene mukufufuza za mitundu ya mbewu. Ngati nkhani yanu ndi ya momwe mabanja amasankhira chodzala poyang'ana nyengo, njira yotchedwa PICSA ndiyo yokuyenerani. Inakonzedwa ku University of Reading ku Britain, ndipo kuno inayamba kuyesedwa ku Balaka cha mu 2015. Buku lake lolangiza mutha kulitsitsa kwaulere. Mlangizi amabwera ndi chithunzi cha mvula yomwe yakhala ikugwa pa malo oyezera apafupi kwa zaka makumi angapo, chaka ndi chaka. Alimi amaika rula pa mlingo wa madzi omwe mbewu inayake imafuna, n'kuwerenga okha kuti mwa zaka khumi ndi zingati zomwe mvula inafikapo. Amachitanso chimodzimodzi ndi tsiku loyamba mvula ndi utali wa nyengo. Kenako banja limajambula zomwe lili nazo, munda, dimba, mbuzi, kabizinesi, n'kuwerengetsera zolowa ndi zotuluka pa njira iliyonse. Ulosi wa nyengo umabwera pambuyo, kudzangosintha pang'ono mapulani omwe alipo kale.

Chomwe ndimachilemekeza m'njirayi n'chakuti mlangizi saloledwa kusankhira munthu. Amayala zomwe zilipo, mwini munda agamula. Kwa wofufuza amene wakhala pansi n'kumvetsera, pamenepa ndi pomwe mumamva mmene anthu amayezera chiopsezo: chifukwa chomwe mayi wosakwatiwa amakana mbewu yomwe mwamuna wokhala ndi ng'ombe zinayi waivomera, ngakhale onse aona chithunzi chimodzi. Pambuyo pa chilala cha El Niño cha 2023 mpaka 2024, pomwe boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 a Malawi mwagwa ngozi, mafunso oterewa akufunika kwambiri. Chopinga chake ndi kaundula. PICSA imafuna mbiri yaitali ya mvula ya tsiku ndi tsiku, yokonzedwa bwino, ndipo malo oyezera ndi otalikirana. Muyenera kugwirizana ndi a nthambi ya zanyengo miyezi ingapo ntchito isanayambe. Mukabweretsa chithunzi cha malo oyezera mvula a kumtunda kwa anthu a kuchigwa, akuluakulu a m'mudzi adzaona okha kuti zaka zomwe iwo akukumbukira njala sizikugwirizana ndi mizere yanu, ndipo sadzakukhulupiriraninso.

Kuyamba ndi zomwe mlimi watulukira

Pali njira ina yomwe imatembenuza zonse, wofufuza n'kukhala woyamba kuphunzira. Kumpoto kwa Burkina Faso, m'dera la Yatenga, chilala cha m'zaka za m'ma 1970 chinasiya nthaka youma gwa ngati konkire. Cha mu 1980 mlimi wina wa kumeneko, bambo Yacouba Sawadogo, anatenga njira yamakolo yodzala m'timaenje totchedwa zaï n'kuisintha. Anakulitsa maenje, anayamba kuwakumba m'chilimwe mvula isanabwere, n'kumathiramo manyowa. Manyowa anaitana chiswe, chiswe chinaboola tinjira, madzi n'kumalowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. Poyamba anthu ankawaseka, koma pamapeto pake pa nthaka yomwe inatayidwa panamera nkhalango. Ku Niger, m'dera la Maradi, a Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, anazindikira mu 1983 kuti tchire lomwe ankaliona m'minda linali mphukira za zitsa zamoyo, ndipo kuti mlimi akasiya nthambi zochepa zamphamvu n'kudulira zina, mtengo umabwerera msanga kuposa mbande ya ku nazale. Alimi anapatsirana nzeruyi mpaka malo pafupifupi mahekitala 5 miliyoni anabiriwiranso, ndipo umodzi mwa mitengo yomwe amaisunga kwambiri ndi womwe ife timautcha msangu. Bambo Sawadogo ndi a Rinaudo onse awiri analandira mphoto ya Right Livelihood mu 2018.

M'nkhani ya bambo Sawadogo, ofufuza anabwera m'mbuyo kudzayeza, kulemba ndi kufotokoza chifukwa chake zikugwira. Ntchito imeneyi ndi sayansi yeniyeni, ndipo chida chake chabwino pa intaneti ndi WOCAT, yomwe inayamba mu 1992 ku Bern ku Switzerland ndipo mgwirizano wa maiko wolimbana ndi kufalikira kwa chipululu, UNCCD, unaivomereza kukhala nkhokwe yaikulu ya njira zosamalira nthaka. Muli njira zoposa 2,000 zochokera m'maiko ambiri. Koma chomwe ndingakupempheni kutsitsa poyamba ndi mafomu ake. Amakukakamizani kulemba ndalama zoyambira, masiku a ntchito, amene akugwiritsa ntchito njirayo ndi amene aikana, komanso kusiyanitsa zomwe wanena mwini munda ndi zomwe wanena katswiri. Gulu la Prolinnova, lolimbikitsa nzeru zomwe alimi atulukira okha, nalo lili ndi zolemba za mmene wofufuza ndi mlimi wotulukira angayesere limodzi.

Chenjezo langa pa nkhokwe ngati iyi ndi loti musakatengeko njira ngati malaya a pa kaunjika, n'kudzaiveka mudzi osayesa. Maenje omwe amapulumutsa mchewere pa nthaka yolimba ya ku Yatenga akhoza kusunga madzi mpaka kuoletsa mizu m'makande a ku Chigwa cha Shire m'chaka cha mvula yambiri, ndipo chigwachi chimadziwa zonse ziwiri, chilala ndi madzi osefukira. Kukumba maenje n'kowawanso, ndipo kumagwera nthawi yomwe mabanja ena ali pa ganyu. Zomwe mwaziona pa intaneti zilowe m'mudzi ngati funso loti liyesedwe pa mizere ingapo.

Miyala, mapu ndi mavidiyo

Ambiri akamva za kufufuza limodzi ndi anthu amaganiza za kujambula mapu pansi ndi kuvota ndi timiyala kapena njere za chimanga. Zida zimenezi zinatchuka kudzera mwa a Robert Chambers a ku Institute of Development Studies ku Sussex ndi anzawo, ndipo sukuluyi ili ndi tsamba la Participatory Methods lomwe lasonkhanitsa zambiri. A Chambers ndiwo anafotokoza bwino matenda athu: timayendera midzi ya m'mphepete mwa tala, timabwera m'chilimwe misewu ikuyendeka ndipo nkhokwe zikadali ndi kanthu, timalankhula ndi amuna odziwika, dzuwa likapendeka tabwerera ku tauni. Zidazi ndi zotsika mtengo, ndipo pa tsiku limodzi mutha kumva zambiri, monga kumene madzi amathamangira, miyezi yomwe ntchito imathina ndi zomwe amayi amafuna pa mbewu. Paokha si kafukufuku wathunthu. Ndi khomo lolowera ku njira zina zija. Midzi yambiri inatopa nazo, chifukwa mlendo ndi mame: ajambula mapu a mudzi wawo kasanu kwa magulu asanu, osaona chotsatira. Anthu akayamba kufunsa za alawansi musanakhale n'komwe pansi, musawaweruze. Akukuuzani mbiri ya omwe anabwera inu musanabwere.

Mavidiyo a Access Agriculture ndi osiyana pang'ono. Bungweli linayamba mu 2012, ndipo limaika pa intaneti mavidiyo a alimi akuphunzitsa alimi anzawo, omasuliridwa m'zilankhulo zambiri kuphatikizapo Chichewa. Mwa iwo muli a kaufiti omwe anakonzedwa ndi ICRISAT kumadzulo kwa Africa. Mukhoza kuwatsitsa muli ku tauni n'kukawaonetsa kopanda netiweki, ndipo anyamata oika nyimbo m'mafoni pa misika akhala akuthandiza kuwafalitsa. Kwa wofufuza, vidiyo ndi njira yabwino yotsegulira nkhani. Muonetse mmene mlimi wa ku Mali akuzulira kaufiti asanachite njere, kenako mufunse kuti kuno zingatheke bwanji, angasinthe chiyani, ndani akufuna kuyesa.

Ndiye musankhe iti?

Ngati muli ndi mitundu yambiri ya mbewu ndipo muli ndi alangizi kapena alimi otsogolera okhala ndi mafoni m'madera angapo, tengani tricot, koma mafunso mulembe ndi alimi. Ngati mukuyesa kalimidwe, monga maenje, kuphimbira kapena kasakaniza, mayi ndi ana ndiyo ikuyenerani, ndipo theka la mafuta anu lipite kwa ana. Wophunzira wa nyengo imodzi ndi ndalama zochepa ndingamulangize mudzi umodzi kapena iwiri, mayi wamng'ono, ana makumi awiri oyenderedwa mokhulupirika, kusiyana ndi timinda mazana atatu tomwe sadzatipondamo. Amene funso lanu lisanakhwime, musathamangire kuyala munda. Tengani mafomu a WOCAT, mufunse m'mudzi kuti ndani amakolola ngakhale chaka choipa, mukakhale naye. Njirazi zimalolanso kuphatikizana: mitundu isanu yomwe yatsogola pa tricot chaka chino ikhoza kulowa m'munda wa mayi chaka chamawa kuti iyezedwe pa sikelo.

Chilichonse mungasankhe, kalendala ndi ya mvula. Kukhala pansi ndi mudzi kuchitike mu Julayi kapena Ogasiti, anthu atakolola ndipo ali ndi mpata. Mbewu zifike m'manja mwa alimi Okutobala asanathe, chifukwa paketi yofika mvula itagwa kale imadzalidwa kumalire a munda, pa nthaka yotsala, kapena imadyedwa. Maina olembedwa akhale a amene adzagwire khasu, poti nthawi zambiri wolembetsa ndi bambo koma wopalira ndi mayi. Zotsitsa pa intaneti mutsitsiretu, mafomu muwamasulire m'Chichewa, m'Chisena kapena m'Chiyao, ndipo muwayese pa anthu asanu musanawasindikize ambiri.

M'bajeti muike mzere wa ulendo womaliza, wobweza zotsatira ku mudzi, ndipo musaudule ndalama zikayamba kuchepa. ClimMob imatulutsa kapepala ka mlimi aliyense koonetsa maina enieni a A, B ndi C ndi mmene anzake anaweruzira. Pa mayi ndi ana mukonze nokha, ndi zithunzi ndi matumba m'malo mwa matani pa hekitala. Tsiku limenelo munyamule mbewu ya mtundu womwe wapambana, ngakhale kilogalamu imodzi pa banja, ndipo mukhale mutafufuziratu wogulitsa wapafupi kapena gulu lomwe lingaichulukitse, chifukwa funso loyamba lomwe adzakufunseni ndi la komwe angaipeze mvula ikubwerayi.